Kufufuza pa Intaneti Kungathandize Eni Galimoto Kukonza Timavuto ta Magetsi Pakhomo

M'mawodi ambiri a boma lino, galimoto zing'onozing'ono monga Toyota Sienta, Passo ndi Probox zasanduka munda wa mabanja. Zimanyamula anthu opita kumsika, odwala opita kuchipatala komanso mbewu zochokera kumidzi. Galimoto yotere ikaima tsiku limodzi, banja limataya ndalama ya ndiwo ndi ya sukulu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri choiimitsa chimakhala chaching'ono: fyuzi yakupsa, babu lotha, kapena mitu ya batire yochita dzimbiri. Mavuto oterewa mwini galimoto angathe kuwazindikira yekha pogwiritsa ntchito foni ya intaneti, malinga akudziwa kafunsidwe koyenera ndi malire ake.

Chinsinsi choyamba chili pa dzina lenileni la galimoto. Zambiri mwa galimotozi zinabwera zitagwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo dzina limodzi limaimira mitundu ingapo. Sienta yomwe inayamba kupangidwa mu 2003 ili ndi chizindikiro cha NCP81, pomwe yomwe inatuluka mu 2015 ili ndi NSP170, ndipo mawaya ake ndi osiyana. Chizindikirochi chimakhala koyambirira kwa nambala ya chasisi, pa kachitsulo ka mu boneti kapena pa mphuthu ya chitseko. Wolemba pa Google kapena pa YouTube mawu oti "NCP81 fuse box diagram" amapeza chithunzi cha galimoto yake yeniyeni. Wolemba "Toyota" yekha amatha kutsatira kanema wa galimoto ya ku America, yomwe chiwongolero chake chili kumanzere ndipo zipangizo zina zili pamalo osiyana. Ngati buku la galimoto lili m'Chijapani, Google Translate imamasulira munthu akangoloza kamera pa tsambalo.

Hutala, mawaipa kapena nyali zikasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi, pofunika kuyambira ndi pa mafyuzi. Galimoto zambiri zili ndi mabokosi awiri, lina mu boneti, lina pansi pa dashibodi. Fyuzi iliyonse ili ndi dzina lachidule, monga HORN ya hutala ndi DOME ya getsi la m'kati. Mtundu wake umasonyeza mphamvu: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Fyuzi yakupsa imaoneka ndi kawaya koduka m'kati mwake, ndipo iyenera kulowedwa m'malo ndi ina ya nambala yomweyo.

Apa m'pamene pagona ngozi. Ena amamanga kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu pamalo pa fyuzi. Ntchito ya fyuzi ndi kupsa msanga magetsi akachuluka, kuti mawaya asatenthe. Ikalowedwa m'malo ndi zinthu zoterezi, zotchinga mawaya zingathe kusungunuka ndipo galimoto ingathe kuyaka. Fyuzi yatsopano ikapsanso, kawirikawiri ndiye kuti pena pake waya wakhudza chitsulo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko wa zamagetsi.

Galimoto ikamangolira kuti "tiki tiki" osadzuka, kawirikawiri vuto limakhala batire. Kamita koyezera magetsi kamathandiza kwambiri: batire yodzaza imasonyeza pafupifupi 12.6V injini ili chozima, ndipo injini ikamalira nambala imakwera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ikapanda kukwera, oloteneta siikutchaja. Zoyera ngati ufa zomera pa mitu ya batire zimachoka ndi madzi osakaniza ndi soda yemwe amayi amaphikira therere. Pomasula batire, waya wa chizindikiro chochotsera ndiye woyamba kuchotsa ndipo ndiye womaliza kubwezera. Wogwira ntchitoyi avule mphete ndi wotchi, asasute fodya pafupi, ndipo sipanala isagunde mitu iwiri nthawi imodzi.

Pali malo ena amene kanema sangalowe m'malo mwa maphunziro. Galimoto za hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius zili ndi mawaya a mtundu wa lalanje onyamula magetsi oposa 100V, okwanira kupha munthu. Zolumikizira zachikasu nthawi zambiri zimakhala za ma airbag, omwe angaphulike akasokonezedwa. Zimenezi zisiyidwe kwa amisiri odziwa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma wofunsa ayeneranso kusankha womufunsa. Pa intaneti aliyense amalemba, wodziwa ndi wosadziwa yemwe, choncho ndi nzeru kuyerekeza malangizo a malo awiri kapena atatu ndi kujambula chithunzi cha mawaya asanamasulidwe. Ngakhale vuto litakanika pakhomo, mwini galimoto wofika ku galaja akudziwa kuti fyuzi ya nyali yapsa kawiri, kapena kuti batire siikudutsa 12V injini ikulira, amafupikitsa ntchito ya makaniko ndipo sagulitsidwa zipangizo zosafunikira.