Mthuthu: Poizoni wa m'Mtsinje, Mthandizi wa m'Munda

Alimi ambiri a m'munsi mwa Phiri la Dedza amachidziwa chitsamba chotchedwa mthuthu kapena ombwe, chimene akatswiri amachitcha Tephrosia vogelii. Ndi cha mtundu umodzi ndi nandolo, chimatalika mamita awiri kapena atatu, ndipo maluwa ake ndi oyera kapena ofiirira. M'masamba ake muli poizoni, makamaka deguelin ndi tephrosin.

Makolo athu ankasinja masambawa ndi kuwathira m'maiwe m'nyengo ya chilimwe. Poizoniyu amalowera m'makha a nsomba ndi kuziletsa kupuma, kotero zimayandama ndipo anthu amangotola. Tsoka lake ndi lakuti sasankha: amapha nsomba zazikulu ndi tiana tomwe, pamodzi ndi tizilombo timene nsomba zimadya. N'chifukwa chake lamulo loteteza nsomba la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.

Lero chitsamba chomwechi chili ndi ntchito zabwino. Mizu yake imaonjezera nayitirojeni m'nthaka, ndipo masamba ake akakwiriridwa amasanduka manyowa, chinthu chamtengo wapatali pamene feteleza wakwera mtengo. Masamba oumitsidwa pamthunzi ndi kusinjidwa amateteza nyemba ndi chimanga ku anankafumbwe. Akanyikidwa m'madzi usiku wonse, madziwo amapha nsabwe za m'ndiwo zamasamba ndi nkhupakupa za ng'ombe. Kupopera kuchitike madzulo, pakuti dzuwa limatha mphamvu ya mankhwalawa msanga.

Komabe pali zofunika kusamala. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 anapeza kuti m'Malawi muli mitundu iwiri ya mthuthu yofanana maonekedwe, ndipo umodzi ulibe mphamvu yopha tizilombo. Choncho mlimi afunse alangizi a zaulimi asanatenge mbewu. Posinja atseke mphuno ndi pakamwa, asambe m'manja, asunge ufawo kutali ndi ana, ndipo mbewu zitsukidwe bwino zisanaphikidwe. Ziwiya zopoperera zisatsukidwe mumtsinje, chifukwa madzi ochoka kumapiri kuno amatsikira mu Linthipe mpaka ku Nyanja ya Malawi.

Mu kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, Papa Fransisko anatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wa tonse. Tikupempha makatekisi kuti akambirane nkhaniyi m'miphakati, kuti mthuthu uzigwira ntchito m'munda ndi m'nkhokwe, koma usafikenso kumtsinje.