Kachigoba ka chipolopolo kamene kanatikumbutsa Hooke

Lolemba lapitali mnyamata wina wa Fomu 3 anandipeza atafumbata kanthu m'manja. Kanali kachigoba kamkuwa ka chipolopolo cha .22, kopanda kanthu mkati, komwe anakatola m'munsi mwa phiri la Nkopola.

"Aphunzitsi, amalume akuti tikathiramo wonga kagwiranso ntchito. Anyani atimalizira chimanga. Zingatheke?"

Ndinamuyankha kuti asayerekeze, ndipo chifukwa chake chili m'makope mwanu momwemo.

Zipolopolo za mtunduwu amazitcha rimfire. Mankhwala oyatsira wonga amakhala mkati mwa mkombero wa kumunsi kwa chigoba. Munthu akakoka mfuti, kamsomali kamamenya mkomberowo n'kuufinya, mankhwala aja n'kuyaka. Kuti ufinyike msanga, mkuwawo amaupanga wopyapyala dala.

Tsono kumbukirani Hooke's Law. Sipuling'i mukaikoka pang'ono imabwerera, koma mukapyola elastic limit siibwereranso. Pa kachigoba kaja tinaona kachidindo pomwe msomali unamenya. Pamenepo mkuwa unapyola malire ake, unapunduka mpaka kalekale.

Nanga kachigobaka kamakumana ndi mphamvu yanji? Chipolopolo cha .22 LR chikamaphulika, pressure imatha kufika 165 MPa, kuposa ya mpweya wotizungulirawu maulendo 1,600. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chipolopolocho n'chotambalala 5.6 mm, choncho area yake ndi pafupifupi 25 mm². Force ndi pressure kuchulukitsa ndi area, zomwe zikutipatsa 4,000 N ndi kadontho. Kumeneko n'kulemera kwa matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50, onse atatsamira pa kamalo kochepa kuposa chikhadabo!

Mkuwa wofooka ukang'ambika, mpweya wotentha ndi tizidutswa tachitsulo zimatulukira kumbuyo, komwe kuli diso ndi zala za wowombayo. Komanso mankhwala oyatsira aja sachedwa kupsa mtima: kungokhulana kapena kugundika pang'ono, aphulika ali m'manja. N'chifukwa chake ngakhale kumayiko komwe alenje amaloledwa kudzazanso zipolopolo zina, ambiri za rimfire amangotaya. Ndalama yomwe angapulumutse siingagule diso.

Kuno kwathu palinso lamulo. Firearms Act imaletsa kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, kaya ndi yogula kaya ndi gogodela wosula pakhomo.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti akawafotokozere amalume akewo mwaulemu samu yathuyi, ndipo za anyani akadandaule kwa amfumu ndi kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Inunso mukatola chipolopolo chomwe sichinaphulike, musachimenye ndi mwala, musachiponye pamoto. Chisiyeni pomwepo, mukauze akuluakulu kapena apolisi.

Ntchito ya sabata ino: pezani force yomwe mpweya wa 200 kPa wa m'tayala la galimoto ungapereke pa 25 mm² yomweyo. Mukafananitse ndi 4,000 N ija, tidzakambirane Lachisanu.