KU NENO WODWALA AMALOWA KHOMO LIMODZI BASI

Inu a mumsika mukudziwa bwino: tsiku la kuchipatala ndi tsiku lopanda malonda. Tomato amafota pa benchi, kasitomala amapita kwa mnzako. Ndiye tangoganizani mayi amene ali pa ma ARV, alinso ndi BP. Lachiwiri akafole uku, Lachinayi akafolenso uko. Thiransipoti kawiri, mpamba ukudyeka!

Ku Neno, boma la kumapiri lija, anazikana zimenezi. Mu 2015 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe linafika kumeneko mu 2007, anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda a mgonagona monga BP, shuga, mphumu ndi khunyu. Anaitcha IC3. Dokotala, namwino, wopereka mankhwala ndi kalaliki amagwirira pamodzi, wodwala n'kuthana nazo zonse ulendo umodzi. Ukajomba tsiku lako sangokusiya ayi. Uthenga umapita kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwako, iye n'kufika pakhomo kudzafunsa chavuta n'chiyani.

Chandigwira mtima ine n'chakuti pa mzere woterewu palibe angakuloze chala kuti uyu wadzera ma ARV. Paja miseche ya mumsika mukuidziwa nokha.

Komabe tisanamizane abale, ku Neno kunalowa thandizo la ndalama zakunja. Koma kuti namwino ndi dokotala aziona wodwala tsiku limodzi, zikuchita kulira madola? Aphungu athu akabwera kudzagawa ma T-shirt mumsikamo, muwafunse zimenezo.