Mwana Amene Anaimitsidwa Pathebulo ku Lancaster

Mzinda wa Lancaster, kumpoto chakumadzulo kwa England, ndi waung'ono moti munthu wa miyendo yabwino amaudula pakati ola lisanathe. Mbali ina, pakaphiri, pali chinyumba cha malinga cha Lancaster Castle, chomwe chinali ndende mpaka mu 2011. Mbali inayo, pamtunda wina, pali paki ya Williamson, kumene ana amakaonera agulugufe m'nyumba ya magalasi. Kuchoka apa kukafika apo ndi makilomita pafupifupi 2, ndipo njira imeneyi ndi imene anthu 10, akazi 8 ndi amuna 2, anadutsitsidwa pa 20 Ogasiti 1612 popita kokanyongedwa pa mlandu wa ufiti. Masiku ano makolo ndi aphunzitsi amayenda ndi ana m'njira yomweyi. Ena amakayika ngati n'kwanzeru kutero. Ine ndikuti n'kwanzeru ndithu, ndipo anawo ndiwo oyenera ulendowu kuposa akuluakulu, chifukwa mboni imene inamangitsa ambiri mwa anthu amenewa inali ya zaka 9. Koma ulendowu umapindula pokhapokha wamkulu amene watsogola akamaonetsa ana mmene mlandu unakulira, osati kuwaonetsa mfiti.

Mlanduwo sunayambire mumzindamu. Unayambira kumidzi ya m'tsinde mwa phiri la Pendle, mu Malichi 1612, pamene mtsikana Alizon Device anakumana panjira, pafupi ndi Colne, ndi wamalonda woyendayenda dzina lake John Law. Anamupempha mapini, iye anakana kumasula katundu wake, mtsikanayo anamunenera mawu oipa, ndipo asanapite patali bamboyo anagwa. Mbali imodzi ya thupi inafa, nkhope inapindika, kulankhula kunamuvuta. Dokotala wa lero akamva zizindikiro zimenezi amaganiza za sitiroko. Koma Alizon mwini wake anakhulupirira kuti wamulodza, anavomera, napempha chikhululukiro. Majisitireti Roger Nowell atamufunsa, mtsikanayo anatchula agogo ake, Elizabeth Southerns, odziwika ndi dzina loti Demdike, komanso mayi wina wokalamba wa banja lodana nawo, Anne Whittle, amene ankamutcha Chattox. Onse awiri anali nkhalamba zosauka za zaka pafupifupi 80, zodya mopemphetsa ndi mwa kuchiritsa anthu ndi ziweto, ndipo Demdike anali wakhungu. Mabanja awiriwa anali pa chidani cha zaka zambiri, moti bambo ake a Alizon ankapereka ufa chaka ndi chaka kwa Chattox kuti asawachite chipongwe. Kenako abale ndi anansi atasonkhana pakhomo pa Demdike, ku Malkin Tower, tsiku la Lachisanu Loyera, n'kupha nkhosa yakuba, Nowell anati umenewo unali msonkhano wa afiti. Ena mwa amene anatchulidwa kuti anadya nawo nyamayo analowa m'mlandu.

Apa ndi pamene ulendo wa ana umayambira, pachipata cha Lancaster Castle. Mbiri ya malowa imati omangidwawo anasungidwa m'chipinda cha pansi pa nsanja ya Well Tower, mopanda zenera, kwa miyezi ingapo, ndipo Demdike anamwalira ali m'ndende mlandu usanazengedwe. Makhoti okongola amene alendo amaonetsedwa lero anamangidwa pambuyo pake, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, koma mlandu wa pa 18 ndi 19 Ogasiti 1612 unazengedwa mkati mwa mpanda womwewu. Zimene zinachitika tikuzidziwa chifukwa kalaliki wa khoti, Thomas Potts, anazilemba m'buku limene linatuluka mu 1613. Jennet Device, mng'ono wake wa Alizon, analowetsedwa kuti apereke umboni wotsutsa amayi ake, Elizabeth. Amayiwo atamuona anayamba kukuwa ndi kumukalipira mpaka anawatulutsa. Mwanayo anamuimitsa pathebulo kuti khoti lonse limuone, ndipo anafotokoza kuti amayi ake anali ndi mzimu wooneka ngati galu wofiirira, dzina lake Ball, umene ankautuma kukapha anthu. Anatchula mchimwene wake James. Atamuonetsa gulu la akaidi, analoza amene anati anawaona ku Malkin Tower, kuphatikizapo Alice Nutter, mayi wamasiye wa banja lopeza bwino amene anakana mlandu mpaka pa chingwe. Oimbidwa mlanduwo analibe loya. Mfumu ya nthawiyo, James I, inali italemba buku lake la Daemonologie mu 1597, ndipo m'bukumo inalola kuti pa mlandu wa ufiti ngakhale ana akhale mboni.

Mwana wa zaka 9 ataima pabwalo limeneli n'kumva nkhani ya mnzake wa zaka 9, funso limene amayamba kufunsa limakhala loti Jennet ananeneranji zimenezo. Ndi funso labwino, koma wamkulu amuthandize kuona lina limene lili kuseri kwake: kodi kuyambira mu Epulo, banja lonse litamangidwa, mpaka mu Ogasiti, mwanayo ankamusunga ndani, ankamufunsa ndani, ndipo ankamufunsa motani? Chimene chimandichititsa kulimbikira pa funso limeneli ndi mlandu wina umene unazengedwa pa 19 Ogasiti yemweyo, pamaso pa woweruza yemweyo, Sir Edward Bromley. Amayi 3 a ku Samlesbury anaimbidwa mlandu wa ufiti ndi mtsikana wa zaka 14, Grace Sowerbutts, yemwe anati agogo ake ndi azakhali ake anapha khanda, kenako n'kulifukula n'kulidya. Nkhani yake inali yoopsa kuposa ya Jennet. Koma oimbidwa mlanduwo atapempha kuti mtsikanayo afunsidwe amene anamuphunzitsa, woweruza anamupanikiza, ndipo anaulula kuti anamupangira ndi wansembe wina wa Katolika. Amayi atatuwo anamasulidwa. Tisamutamande msanga Bromley. Boma la nthawiyo linkadana ndi Akatolika, ndipo kupeza wansembe kuseri kwa bodza kunalikomera. Kuseri kwa Jennet kunali majisitireti wa boma lomwelo, ndiye khoti linangomuyesa ndi dzina lopeka la munthu kulibe, iye atati samudziwa, n'kumutenga kuti ndi mboni yoona. Khoti limodzi, sabata imodzi, ana awiri: linadziwa bwino lomwe kuti mwana amapangiridwa, koma linafufuza pokhapo pamene linkafuna kupezapo chinachake. Mfundo imeneyi mwana wa Sitandade 4 amaimva popanda vuto, chifukwa amadziwa kale kusiyana kwa mphunzitsi wofunsa kuti adziwe ndi wofunsa ali nalo kale yankho.

Kholo lina lingati nkhani za ndende ndi chingwe zimalotetsa ana zoopsa, bwanji osadikira akule. Nkhawa imeneyi si yopanda pake, ndipo mwana wa zaka 5 safunikira kulowetsedwa m'chipinda cha mdima kapena kufotokozeredwa mmene munthu amafera pa chingwe. Komabe ana sadikira chilolezo chathu kuti amve za afiti. Amazimva kale m'nthano, m'makatuni, kwa anzawo. Chimene chimaopseza mwana usiku ndi mfiti yopanda dzina, yotha kulowa paliponse. Ulendo wa ku Lancaster umachotsa mfiti imeneyo n'kuikapo Elizabeth Southerns, gogo wakhungu amene mdzukulu wake ankamutsogolera pokapempha chakudya. Mwana akamva zimenezi chimene chimamugwira ndi chisoni ndi mkwiyo wa kupanda chilungamo, ndipo zinthu ziwirizi sizimulepheretsa kugona.

Kutsutsa kwina n'kolemererapo. Ena amati dera lonseli lasandutsa imfa za anthu osauka kukhala malonda, ndipo ana akabwera amangotengako chipewa chosongoka ndi tsache. N'zoona kuti chithunzi cha mfiti yokwera tsache chili pa zikwangwani za m'njira za ku Pendle, pa mabotolo a mowa ndi m'masitolo a zikumbutso, ndipo palibe umboni woti wina mwa onyongedwawo anavalapo chipewa chotere. Koma kuchenjera kwa ulendo wa pansi kuli pomwepa. M'galimoto mwana amangotsitsidwa pa chikwangwani ichi ndi icho. Akamayenda, amadutsa m'malo amene wamkulu angasiyanitse naye nthano ndi umboni. Potsika phiri la Castle amafika pa Judges' Lodgings, nyumba imene inali ya Thomas Covell, mkulu woyang'anira ndende amene anafunsa nawo James Device. Lero ndi nyumba yosungiramo zakale, ndipo m'mwamba mwake muli zidole za ana akale, zomwe zimapereka mpata wopuma. Pa Moor Lane pali malo omwera mowa a Golden Lion, amene anthu amati opita kokanyongedwa ankalandirirapo chakumwa chomaliza. Imeneyo ndi nkhani ya pakamwa, ndipo n'kwabwino kumuuza mwana choncho: izi zinalembedwa ndi munthu amene analipo, izi zimangonenedwa, ndipo ngakhale wolembayo anali kalaliki wofuna kusangalatsa mabwana ake. Ukawoloka ngalande n'kuyamba chikweza cholowera ku Williamson, miyendo imatopa, ana amayamba kudandaula, ndipo ndi pomwe amamvetsa tanthauzo la kukweza nkhalamba ngati Chattox mtunda umenewu, khamu likuonerera, itakhala miyezi inayi mumdima. Anthu a kuderali anayesa okha kukonza chithunzicho mu 2012, patatha zaka 400: ku Roughlee anaimika chiboliboli cha Alice Nutter, mayi wamba womangidwa unyolo, wopanda tsache, ndipo anatsegula njira ya pansi ya mamailosi 51 kuchokera ku Barrowford kukafika ku Lancaster.

Pamwamba pa phirilo, pafupi ndi dera limene linkatchedwa Gallows Hill, nkhani isathere pa chingwe, chifukwa ili ndi mchira umene ana ayenera kuumva. Mu 1633 mnyamata wa zaka pafupifupi 10 wa ku Pendle komweko, Edmund Robinson, anati anaona afiti pa phwando, ndipo bambo ake anayamba kuyenda naye m'matchalitchi kuti aziloza anthu. Mu 1634 anthu 17 anapezeka olakwa ku Lancaster. Ulendo uno oweruza anakayika, natumiza nkhaniyo ku London. Amayi 4 anapimidwa ndi madokotala ndi azamba motsogozedwa ndi William Harvey, dokotala wa mfumu, yemwe anatulukira mmene magazi amayendera m'thupi, ndipo sanapeze chizindikiro chilichonse cha ufiti. Mnyamatayo, atamulekanitsa ndi bambo ake, anaulula kuti anapeka nkhaniyo poopa chilango chifukwa anachedwa kukatenga ng'ombe. Palibe amene ananyongedwa, ngakhale ena anakhalabe m'ndende. Pakati pa oimbidwa mlanduwo panali mayi wotchedwa Jennet Device, ndipo olemba mbiri ena amakhulupirira kuti ndi yemwe uja anaima pathebulo. Zaka 22 zokha zinasiyanitsa milandu iwiriyi. Anthu a ku Lancashire anali asanasiye kukhulupirira ufiti. Chinasintha n'chakuti wina anaganiza zomufunsa mwanayo payekha.

Mfundo imeneyi ndi imene ndingayankhe nayo wowerenga wa kwathu kuno amene angati azungu anasiya kukhulupirira, koma ife tikudziwa kuti ufiti ulipo. Nkhani ya ku Lancaster sikukakamiza munthu kusiya chikhulupiriro chake asanaimve. Ikungoonetsa kuti ngakhale pakati pa anthu okhulupirira, njira zopezera mfiti zinali zomwezi nthawi zonse: matenda odzidzimutsa, chidani chakale, nkhalamba yosauka, munthu wovomera chifukwa cha mantha, ndi mwana wonena zimene akuluakulu akuyembekezera kumva. England inathetsa milandu yotere ndi lamulo la 1735, limene linayamba kulanga wodzinenera kuti ali ndi mphamvu za ufiti, ndipo maganizo omwewo anafika ku Nyasaland m'lamulo la 1911, loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Komabe ku Malawi okalamba akhala akutsekeredwa chifukwa ana anena kuti amawaphunzitsa ufiti usiku, ndipo mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba 4 anaphedwa ndi khamu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Ambiri mwa ife sitidzaponda Moor Lane, koma mabanja a Chimalawi okhala ku Manchester, Leeds kapena Preston angafikeko pa sitima n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo ana awo ndi amene amamva za afiti mbali ziwiri, za chipewa chosongoka kusukulu ndi za agogo akumudzi pa foni. Wowatsogolera ayambe m'mawa ku Castle miyendo isanatope, apume ku Judges' Lodgings, ndipo nkhani ya Edmund Robinson aisunge mpaka atakwera phiri, pamene anawo akhala pansi n'kuyamba kufunsa okha chimene chinamuchitikira Jennet.