Mitundu ya Ulimi Monga Ionekera m'Malokeshoni a Lilongwe

Ana ambiri a ku Kawale, Biwi kapena Mgona amayesa kuti ulimi ndi nkhani ya kumudzi, ndi kuti ufa umachokera kuchigayo. Mphunzitsi akangolemba mitundu ya ulimi pabolodi kuti ana aloweze pamtima, watsimikiza maganizo olakwawo. Komatu mitundu yambiri yochulidwa m'mabuku a Jogalafe ipezeka pa mtunda woti mwana angathe kuyenda pansi.

Kodi ulimi nchiyani?

Ulimi ndiyo nchito yosamala nthaka, mbeu ndi zoweta, kuti munthu apezepo chakudya ndi chuma. Munda uliwonse uli ndi mbali zitatu. Pali zolowa, monga mvula, mbeu, manyowa ndi thukuta la mlimi. Pali zochitika, monga kusosa, kubzala, kupalira ndi kubandira. Ndipo pali zotuluka, ndizo zokolola. Pofuna kudziwa mtundu wa ulimi tifunsa mafunso atatu: Malo ngaakulu bwanji? Agwira nchito ndani? Zokolola zipita kuti?

Ulimi wodyera pakhomo

Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, malo opanda nyumba ku Area 23, Biwi ndi Kawale asanduka minda ya chimanga, kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mwa miseu momwe. Malo ngochepa, olima ndi eni banja, ndipo zokolola zithera mumphika. Pakati pa chimangacho pamayanga maungu ndi nyemba. Kusakaniza kotere si umbuli ai: nyemba zibwezera chonde m'nthaka, masamba a maungu aitchinjiriza ku dzuwa ndi madontho a mvula, ndipo nkhwani ndiye ndiwo m'miyezi yobvuta ya Januwale ndi Febuluwale.

Ulimi wa kudimba

M'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, umene uchokera ku Dzalanyama nudzera pafupi ndi Chinsapo, ndiponso m'mbali mwa Lingadzi, anthu alima madimba m'chilimwe. Pano malo ngochepa koposa, koma nchito njochuluka: kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuthira manyowa, ndi kukolola kangapo pa chaka.

Nanga nchifukwa ninji mpiru, repu ndi chimanga chachiwisi zilimidwa pafupi chotere ndi misika? Mu 1826 Mjeremani wina, Johann Heinrich von Thünen, anafotokoza kuti zinthu zofota msanga ziyenera kulimidwa pafupi ndi ogula, koma zouma zingathe kuchokera kutali osaonongeka. Taonani: masamba afika pa msika pamutu kapena pa njinga mame asanaume, pamene chimanga chouma ndi mtedza zibwera pa galimoto kuchokera ku Mitundu, Kasiya ndi Mchinji. Koma lamulo limeneli silikwana ponseponse. Kachewere ndi matimati ambiri achokera ku Dedza ndi Ntcheu, pakuti kumeneko nyengo iwayanja, ndipo mseu wa tala wafupikitsa ulendo.

Ulimi wa malonda

Mlimi wa fodya sadya zimene wakolola; alimira ndalama. Fodya anakhazikika m'chigwa cha Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron anatsegula esiteti ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iyang'anire alimi a m'midzi. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990. Okushoni ya ku Kanengo ili pafupi ndi Area 25 ndi Mgona, kotero ana a kumeneko aona magalimoto odzala mabelo nyengo ya msika ikafika. Makolo ambiri apeza ganyu m'mafakitale a fodya nyengo yomweyo. Tsono mvula ikabvuta ku Kasungu, kapena ogula a kunja akatsitsa mtengo, banja la ku Mgona lopanda ngakhale mzere umodzi wa fodya lisowa ndalama ya lendi.

Kumene malo apita

Makolo athu, munda ukaguga, ankausiya ugonere natsegula mphanje pena. Ulimi wosamukasamuka wotere ufuna malo ambiri ndi anthu ochepa. Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 munali anthu pafupifupi 990,000. Minda yakale ya ku Chinsapo lero ndi nyumba zothithikana. Posowa malo, anthu alima kufikira pagombe penipeni, nadula mabango ogwira nthaka; mvula yamphamvu ikagwa, madzi akokolola dimba nalowa m'nyumba za kumunsi.

Mau kwa mphunzitsi

Musayambe ndi maina a mitundu ya ulimi. Tumani mwana aliyense akafunse kwao kumene kunachokera ufa, ndiwo ndi makala a chakudya cha dzulo. Jambulani mapu a mzinda pa bwalo la sukulu, ndipo ana aike mwala pa malo alionse ochulidwa. Pambuyo pake pitani nawo ku dimba lapafupi, mutapempha kwa mwini wake, akafunse mafunso atatu aja mwaulemu. Maina adze pomalizira, ana ataona kale chinthu chenichenicho. Mmera mpoyamba: mwana wodziwa kuti nsima yake idalira mtsinje ndi mlimi wa kutali sadzanyoza khasu, ndipo sadzafulumira kudula bango la pagombe.