Mwana Wokhozayo Wachokera Kuti?

Ku Capital Hill, a Unduna wa Maphunziro amati malo m'sekondale zapamwamba za boma amapita kwa amene wakhoza bwino mayeso a MANEB. Sindikutsutsa, koma mtima wanga sukhazikika nazo.

Mwana wa ku Area 47 amawerenga pa magetsi, madzulo amabwera mphunzitsi wapadera, Chingerezi amachimva kunyumba. Mnzake wa ku Mtandire, pafupi pomwepo, amakhala pansi m'kalasi lodzaza, buku limodzi akulimbirana angapo, kadzutsa sanadye. Pa Sitandade 8 onsewa amalandira pepala limodzimodzi, ndipo kupatula la Chichewa, mafunso ali m'Chingerezi. Ndiye tiziti wapambanayo ndi wanzeru yekha?

Ngakhale thandizo la Chevening lokaphunzira ku Britain limafuna digiri, zaka 2 pantchito, nkhani zolemba m'Chingerezi ndi anthu okuchitira umboni. Wobadwira m'banja la ophunzira amadziwa khomo logogoda. Wakumudzi nthawi zambiri amamva nthawi yofunsira itatha.

Komatu njira ina ilipo: Kamuzu Academy itatsegulidwa mu 1981 inkatenga ana okhoza m'boma lililonse, kwaulere. Akuluakulu a unduna, poyang'ana malikisi muziyang'ananso sukulu imene mwanayo wachokera.