Mbiri Yobisika M'kachitini ka Agogo

M'nyumba zambiri za m'boma la Rumphi, kuchokera ku Hewe kufikira ku Mlowe, muli kachitini kapena kansalu komanga mfundo m'mene agogo anasungamo ndalama zachitsulo zimene lero sizingagule ngakhale mchere. Ana amaziseweretsa pabwalo, akulu amaziponya pa bawo nkhomo zikasowa, ndipo mwini wake akatisiya, kachitini kaja kamasesedwa pamodzi ndi zinyalala. Ine, monga munthu amene wangoyamba kumene kusonkhanitsa ndalama zakale, ndikuti m'tizitini timeneti muli mbiri ya dziko lathu yolembedwa pa chitsulo, ndipo ikutayika ife tikuona.

M'maiko ena kusonkhanitsa ndalama zakale ndi ntchito yolemekezeka, yokhala ndi mabungwe ndi mabuku ake. Ku America bungwe la anthu otere, la American Numismatic Association, linayamba m'chaka cha 1891. Mumzinda wa Berlin, ku Germany, kumayambiriro kwa chaka chilichonse kumachitika chionetsero chachikulu chotchedwa World Money Fair. Pa zionetsero zotere ogulitsa amayala ndalama zawo m'mabokosi a magalasi, iliyonse ndi kapepala kofotokoza dziko lake, chaka chake ndi mtengo wake. Anthu amayenda tebulo ndi tebulo atagwira kagalasi kokulitsa zinthu. Amafunsa, amayerekeza, amanenerera mtengo, ena amangosinthana. Akatswiri amalangiza wobwera kumene kuti ayambe wazungulira bwalo lonse asanapise dzanja m'thumba, pakuti chimene wachiona pa tebulo loyamba angathe kuchipeza chotsika mtengo pa tebulo lakhumi. Makolo athu ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma mwana amene wangotsiriza kumene sukulu ku Mhuju kapena ku Bolero sayenera kudikira ulendo wa ku Berlin. Chionetsero chake choyamba chili m'nyumba ya agogo ake. Tiyeni tsono tikhuthule kachitini kaja pa mphasa, tione zimene kangatiuze.

Choyamba tikumbukire kuti malonda anayamba kuno ndalama zachitsulo zisanafike. Abalowoka amene anaoloka nyanja nakhazikika ku Nkhamanga, kumene kunachokera ufumu wa Chikulamayembe, ankapereka nsalu, mikanda ndi makasu posinthana ndi minyanga ya njovu. Aphoka a m'mapiri ankadziwika ndi luso losula chitsulo, ndipo khasu linali chuma chogulira zinthu. Ndalama zinafala m'nthawi ya amishoni, amene anakhazikika pa Khondowe m'chaka cha 1894 motsogozedwa ndi Dr. Robert Laws, ndiponso m'nthawi ya boma la atsamunda limene linkafuna msonkho wa nyumba. Msonkho ndi malipiro a pantchito ndizo zinaphunzitsa makolo athu kuwerenga kobiri, tiki, sikisi, sheleni ndi hafukoloni.

Ndalama zakale kwambiri zimene mungazipeze ndi za ku Britain, za ku Southern Rhodesia, ndi za ku South Africa zimene zinabwera m'matumba a abambo ochokera ku migodi ya ku Joni. Pa za ku Britain pali chinsinsi chimene wosonkhanitsa aliyense ayenera kuchidziwa. Sheleni yopangidwa chisanafike chaka cha 1920 ndi siliva pafupifupi yense. Yopangidwa kuyambira 1920 mpaka 1946 ndi siliva theka lokha. Ndipo kuyambira 1947 mulibe siliva ngakhale pang'ono. Nkhondo ziwiri zazikulu zinasaukitsa Britain, ndipo umphawiwo unalowa mpaka m'chitsulo cha sheleni. Mphunzitsi wa mbiri akayala masheleni atatu otere pa tebulo, waphunzitsa kale phunziro lathunthu asanagwire choko.

Kenaka pakubwera ndalama za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 nichitha pa 31 December 1963. Ndalama zake zoyamba zili ndi chaka cha 1955. Kobiri yake ndi yoboola pakati ndipo pali njovu ziwiri. Pa hafupeni, yoboolanso, pali akadyansonga awiri. Pa tiki pali duwa, pa sheleni mphalapala, ndipo pa ndalama ya masheleni awiri pali nkhwazi itagwira nsomba. Zonsezi zili ndi dzina la Mfumukazi Elizabeth II. Ndi ndalama zokongoladi, koma ndi za boma limene makolo athu analikana kufikira kulowa nalo m'ndende m'chaka cha 1959. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'chaka cha ufulu, 1964, Malawi anatulutsa ndalama zakezake, zokhala ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda, imene anaisema ndi Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary. Pa sikisi panaikidwa tambala, pa sheleni chimanga, pa ndalama ya masheleni awiri njovu ndi mwana wake, ndipo pa hafukoloni chizindikiro cha boma. Mu 1966, pamene dziko linakhala Lipabuliki, panatulukanso ndalama yaikulu ya masheleni asanu yokumbukira tsikulo.

Kwacha ndi tambala zinayamba m'chaka cha 1971. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri, kotero kuti sheleni inalingana ndi 10 tambala. Apa pali chinthu chokondweretsa chimene mungachione ndi maso anu. Ikani sheleni ya 1964 pambali pa 10 tambala ya 1971: kukula kwake n'kumodzi, ndipo chimanga n'chomwecho. Chitani chimodzimodzi ndi ndalama ya masheleni awiri ndi 20 tambala: njovu zija sizinasunthe. Motero mayi wa pamsika amene sanapite kusukulu sanavutike kuzindikira ndalama yatsopano. Tambala yekha ndiye anasamuka, kuchoka pa sikisi kupita pa 1 tambala, nasiyira malo ake mbalame ya m'madambo ya khosi lalitali imene ili pa 5 tambala.

Zaka zotsatira zinalembedwanso pa chitsulo. Ndalama ya 50 tambala inatuluka mu 1986, ndipo K1 yachitsulo mu 1992. Ichi ndi chizindikiro chakuti mphamvu ya kwacha inali itayamba kuchepa. Boma litasintha mu 1994, nkhope ya Bakili Muluzi inaoneka pa ndalama za 1995 ndi 1996. Pa 50 tambala ya 2004 pali mbidzi, nyama imene ife a ku Rumphi timanyadira nayo pa Nyika, monga momwe timanyadira njovu za ku Vwaza. Ndalama za K5 ndi K10 za zitsulo ziwiri, china pakati china m'mphepete, zili ndi chaka cha 2006, ndipo mu 2012 panabwera zina zazing'ono ndi zopepuka. Pa zimenezi palibenso nkhope ya mtsogoleri, koma chizindikiro cha boma chokha.

Nanga wofuna kuyamba achite chiyani? Choyamba, asankhe njira imodzi. Kutola chilichonse n'kutola nkhuni mumdima. Njira yosavuta ndiyo kufuna ndalama imodzi ya mtundu uliwonse wa Malawi kuyambira 1964; kuti mndandandawo ukwane pamafunika khama ndi kufunsa, osati chuma. Chachiwiri, asatsuke ndalama yakale. Phulusa, mchenga ndi mandimu zimaiwalitsa kwa kanthawi, koma zimakanda nkhope yake ndi kugwetsa mtengo wake kotheratu. Aigwire m'mphepete, pakuti thukuta la zala limadya chitsulo, ndipo aisunge m'kaenvulopu ka pepala, pamalo ouma, iliyonse payokha. Chachitatu, akhale ndi kope lolembamo dziko, chaka, ndi mbiri ya ndalamayo: anaipereka ndani, ndipo iyeyo anaipeza bwanji. Tiki imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni ikatayana ndi nkhani yake, yataya theka la ulemu wake.

Ndiyenera kuchenjezanso za anthu oyendayenda m'midzi amene amanong'oneza kuti kobiri yoboola ili ndi mankhwala obisika, ndi kuti pali mzungu wofuna kuigula ndi mamiliyoni, bola mwini wake ayambe wapereka kangachepe ka ulendo kapena ka kupima. Limeneli ndi bodza. Mtengo wa ndalama yakale umachokera pa zinthu zitatu: kusowa kwake, kusafufutika kwake, ndi kuchuluka kwa oifuna. Makobiri a Chitaganya anapangidwa ochuluka zedi, kotero ambiri a iwo, makamaka ofufutika, mtengo wake ndi wochepa. Amene akulowa m'ntchitoyi kuti alemere msanga adzagwa mphwayi. Amene akulowa kuti adziwe sadzabwerako chimanjamanja. Ndipo asanagule kapena kugulitsa, afunse odziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Pomaliza, ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti chionetsero tisachiyembekeze kuchokera kutali. Chikufunika ndi chipinda chimodzi chophunziriramo, matebulo anayi, nsalu yoyala ndi Loweruka limodzi. Tebulo loyamba likhale la ndalama za atsamunda ndi za ku Joni, lachiwiri la Chitaganya, lachitatu la 1964 mpaka 1970, lachinayi la kwacha ndi tambala. Wophunzira aliyense abwereke ndalama kwa makolo ake, ilembedwe m'kaundula, ndipo ibwezedwe tsiku lomwelo. Koposa zonse, agogo aitanidwe kuti adzakhale kuseri kwa matebulowo. Buku lingatiuze chaka chimene sheleni inapangidwa, koma amene angatiuze kuti inkagula chiyani m'sitolo ya pa Boma, ndi masiku angati amene munthu ankaivutikira, ndi iwowo, ndipo akuchepa chaka ndi chaka.

Sabata ya mawa tidzaona ndalama zapepala, ndi mbiri ya anthu amene nkhope zawo zili pamenepo.